Zibangili Zimene Kakhadi Kanataya

Mkazi wanga sankatha kubisala. Anali ndi zibangili zamkuwa kudzanja lamanzere, zopyapyala ngati waya, zimene mayi ake anamuveka ali namwali kwawo kutsidya, ku Zumbo, banja lawo lisanawolokere kuno. Zinkalira akamasinja, zinkalira akamatsuka mbale, ngakhale akamakanda pamene pamuluma udzudzu. Ine ndine telala, ndipo makina anga ndi amakedzana, aphokoso, koma ndili mkati mopalasa pakhonde ndinkadziwa kuti wafika pamtengo wa msau, wabwerako kumadzi. Ndinkamunena kuti ndinakwatira mbuzi ya belu. Iye ankati ndithokoze, chifukwa mbuzi ya belu sisowa.

Ankaimba kwaya kutchalitchi kwathu kuno kwa Mphuka. Sindinama, mawu ake sanali oimika munthu panjira. Ankaima mzere wakumbuyo ndi amayi anzake, ndipo mawu akewo ankangolowa mwa enawo n'kusowa. Chimene ankaposa nacho onse chinali kuwomba m'manja.

Chaka china kwaya inaitana munthu wa ku Lusaka kuti adzajambule nyimbo zawo n'kuziika pachimbale, chija ena amati sidi. Anabwera mu Okutobala, ndi jenereta ndi mawaya odzaza katoni, n'kulamula kuti mawindo onse atsekedwe poopa atambala ndi mbuzi. Amene anakhalako kuno amadziwa kuti kutseka mawindo mwezi umenewo n'kuphika anthu. Aphunzitsi a kwaya, bambo osaseka ndi munthu, anati aliyense avule chilichonse cholira, makiyi, mapatapata, mikanda. Mkazi wanga sakanatha kuvula, poti dzanja linali litakula ndipo zibangili zinaleka kalekale kudutsa pachikhatho. Anazikankhira kuchigongono n'kuzimanga ndi kansalu kamene ndinamudulira ine m'mawa wa tsikulo.

Nyimbo zonse zinayenda bwino mpaka ya zopereka. Nyimbo imeneyo chakumapeto imathamanga, amayi amawomba m'manja kawirikawiri, ng'oma n'kuyankha. Thukuta linafewetsa kansalu kaja, kanamasuka, ndipo zibangili zinatsikira pamodzi kudzanja n'kulira ngelengele, ngelengele, mpaka nyimbo kutha. Ine ndinali panja, khutu pachitseko, ndipo ndinaseka ndekha. Aphunzitsi anafuna kuti abwereze, koma wojambula uja anati mafuta a jenereta atsala ochepa. Chimbale chinatuluka chomwecho, ndipo aphunzitsiwo anatha nyengo yaitali osamupatsa moni mkazi wanga.

Mkazi wanga anamwalira patapita zaka zingapo, atadwala nyengo imodzi ya mvula. Amayi osambitsa thupi anatuma munthu kudzandifunsa ngati adule zibangili kuti mwana wathu wamkazi asunge. Ndinakana. Ndinati munthu amene sanazivulepo ali moyo musamuvule lero. Mumtima ndinkadziwa kuti kunyumba ndili nazo kale, pachimbale.

Mwana tili naye mmodzi, ndipo amagwira ntchito ku Lusaka. Maliro atatha anthu anabalalika monga amachitira, nyumba n'kukula. Amene anatsala pafupi ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa malemuyo, nayenso wamasiye. Ndiye amandibweretsera chakudya, ndiponso ndiye anatenga munda wathu wa mapira, poti ine khasu linandikana kalekale. Timanyozana monga alamu achitira. Iye amati ndimasoka malaya a anthu opanda mapewa, ine ndimati ndiwo zake zimaopa mchere. Koma amaika mbale n'kupita, ali ndi zake zochita.

Nthawi yovuta kwa ine si usiku ayi, usiku ndimagona. Yovuta ndi masana, dzuwa likafika pamutu, pamene ngakhale nkhuku zimayasama pansi pa nkhokwe ndipo palibe amene amabwera ndi chigamba. Nthawi imeneyo ndi imene mkazi wanga ankayala mphasa pafupi ndi makina n'kumasankha nyemba kapena kungondiyankha zopanda pake. Ndiye ndinazolowera kutulutsa wailesi yanga yaikulu, ija yotsegula pamwamba, n'kuilumikiza kubatire la sola, n'kuika chimbale. Sindinkathamangira nyimbo ya zopereka. Ndinkayambira poyamba penipeni, n'kumadikira ngati mwana amene wasunga nyama pambali pa mbale kuti adye pomaliza.

Chimbale chija chinali ndi tchalitchi chonse mkati mwake. Malata ankamveka akuthetheka ndi dzuwa. Oimba ankamveka akukoka mpweya asanayambe ndime. Ng'oma inali ndi mimba, ndipo kuwomba m'manja kunali kwa anthu osiyanasiyana, wina manja olemera, wina opepuka, wina wochedwa pang'ono. Ndiye pamapeto pake, chakumanzere, kumbuyo kwa onse, iye. Ndinkaimika phazi pamakina. Zikatha ndinkati, wafika, n'kupitiriza kusoka, ndipo tsikulo linkakhala loti munthu n'kulimaliza.

Fumbi la kuno silisiya kanthu. Wailesi inayamba kudumphadumpha, kenako kuchita chibwibwi, kenako chimbale chinkangozungulira osatulutsa mawu. Wokonza mawailesi anati diso lake lafa, ndipo maso otero masiku ano sapezeka chifukwa palibe amene akuwafuna. Ndinabwezera chimbale m'chikuto chake, chija chili ndi chithunzi cha kwaya, n'kuchiimika pashelefu.

Mwana wanga atabwera pa Khirisimasi anandipeza ndili chete pakhonde, ndipo zinamukhudza. Ndi mwana wamtima wabwino, koma wachangu ngati mayi ake. M'mawa mwake anatenga chimbale n'kupita nacho kuboma, ku Feira, ndipo anabwerako akumwetulira, atanyamula kawailesi konga sopo wochapira ndi kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Anati m'kakhadimo muli nyimbo zonse za kwaya, ndi zina zosawerengeka, za kalindula, za rumba, maulaliki, zoti sindingazimalize mpaka Pasaka. Chimbale anachibwezera pashelefu. Anauzanso mayi ake aang'ono, mlamu wanga uja, kuti mavuto atha, nyimbo zonse zasamukira m'kanthu kakang'onoko.

Tinakhala pansi kuti timvere. Nyimbo zinali zomwezo, mawu omwewo, aphunzitsi akuyambitsa monga kale. Koma ndinamva msanga kuti tchalitchi mulibemo. Malata sanathetheke. Anthu ankaimba ngati awapanikiza m'chipinda chimodzi chopanda denga lalitali, ndipo kuwomba m'manja kunasanduka chinthu chimodzi chonyowa, ngati nsomba ikalowa m'mafuta otentha. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndidikire nyimbo ya zopereka. Inafika, inathamanga, ng'oma inayankha. Pamalo pa zibangili panangomveka kaphokoso kosaoneka mutu wake, shii, shii, basi nyimbo n'kutha.

Ndinamuuza mwanayo kuti mayi ake mulibemo. Anabwezera nyimboyo, anatchera khutu, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Adadi, ni nyimbo yamene ija, palibe chachinja. Ni makutu yanu chabe, mwakula."

Sindinamutsutse. Munthu wakuyendera ulendo wonsewo, wakugulira chinthu ndi mtima wake wonse, sungamuuze kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Komanso iye anachoka pakhomo pano ali wamng'ono kupita kusukulu, ndipo zibangili za mayi ake ankazidziwa ndi maso, osati ndi khutu. Ndinathokoza. Chaka chatsopano chitalowa anabwerera ku Lusaka.

Mvula yonse ija ndinalimbana ndi kawailesi kaja. Ndinakaika m'ndowa kuti mawu akule, anakula koma opanda kanthu. Ndinakagunditsa kukhutu mpaka khutu kutentha. Ndinapempha mnzanga wina amene ali ndi sipika yaikulu ya pamaukwati kuti tiikemo kakhadi, ndipo mudzi wonse unamva kwaya, koma shii uja anangokula nayenso. Pamenepo ndinayamba kuopa kuti mwina mwana ananena zoona, kuti makutu anga ndiwo afa, kapena choipa kuposa apo, kuti zibangilizo sizinalipo n'komwe pachimbale, ndinkangoziika ndekha ndi mtima. Maganizo amenewo anandidwalitsa kuposa malungo. Munthu ukakhala wekha ulibe wokuuza kuti ayi, nanenso ndinamva.

Msewu utauma ndinakwera galimoto ya ogula nsomba kupita kuboma. Malo amene mwana wanga anathiritsa nyimbo zija sanavute kupeza, kashopu ka malata pafupi ndi msika, kamene mwini wake amatchajako mafoni, kumeta anthu, ndi kuthira nyimbo m'makhadi. Ndi bambo wa ndevu zake, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Ndinalowa nditakonzeka kukangana, poti ndinkayembekeza kuti nayenso anena za makutu anga. Ndinamufotokozera zonse, za kansalu, za jenereta, mpaka ndinachita manyazi kuti ndikuuza mlendo zinthu za m'nyumba. Iye anazimitsa makina ometera n'kumvetsera.

"Mudala, simunama," anatero. "Nyimbo ya pa sidi ni ikulu maningi. Kuti zikwane zambiri pa khadi, timazifinya. Manje kompyuta ikamafinya imataya tuja tung'onotung'ono twamene tubisala kumbuyo kwa mawu yakulu. Imaganiza ati munthu sangatumve."

Anati aliyense wobwera pamenepo amafuna khadi lodzaza, ndipo woika nyimbo zochepa amamunena kuti ndi wakuba, choncho iye amafinya mpaka pomaliza osafunsa. Anthu amamvera pafoni, m'minibasi, m'bwato injini ikulira, ndani angadandaule za chibangili? Ndinamufunsa ngati zotayidwazo zingatoledwe. Anati m'kakhadimo ayi, chotayidwa chatayidwa, koma pachimbale zikadalipo zonse. Ndikabwera nacho adzakopera nyimboyo yathunthu, osaifinya, ndipo adzandipezera sipika yabwinoko kuti ndizimva.

Sindikumbuka kuti ndinasangalalapo chomwecho chimwalirireni mkazi wanga. Choyamba, sindinali wamisala. Chachiwiri, iye anali pashelefu kunyumba, akundidikira. Ndinagula mabanzi, ndinagulira mlamu wanga mchere kuti ndikamunyoze nawo, ndipo m'galimoto yobwerera ndinacheza ndi anthu osawadziwa ngati ndamwa.

Nditafika sindinavule n'komwe nsapato. Chikuto chinali pamalo pake, chithunzi cha kwaya chikuyang'ana kukhomo monga masiku onse. Nditachinyamula ndinamva kupepuka. M'kati munalibe kanthu.

Ndinafuna m'sutikesi, pansi pa bedi, m'wailesi yakufa ija, m'madirowa a makina. Kenako ndinapita kwa mlamu wanga, ndipo anansi anati ali kumunda, poti mapira anali atayamba kucha ndipo mbalame zinali zitavuta. Kuno nyengo imeneyo anthu amaswera kumunda kuingitsa mpheta, kukuwa, kuponya miyala, kumenya zitini. Zaka zino anapeza njira ina. Amamanga zimbale zakale ndi ulusi pamitengo, ndipo zikamazungulira ndi mphepo zimathwanima, mbalame n'kuopa. Ndinali nditaziona kambirimbiri osaganizapo kanthu. Tsiku limenelo, ndikutsika kanjira ka kumunda, ndinaona kuthwanima pakati pa mapira athu.

Mlamu wanga anali pachisanja chake, chitini m'manja. Atandiona anayamba kundiseka kuti telala wasochera, koma anaona nkhope yanga n'kuleka. Ndinamufunsa za chimbale. Analoza ndi chibwano, osadziwa n'komwe kuti pali mlandu.

"Alamu, si paja mwana ananena kuti nyimbo zonse zinasamukira m'kaja kang'ono? Ine n'naona ngati yatsala mbale yopanda kanthu. Chikuto n'nakusiyirani dala, poti pali nkhope ya akulu anga."

Anali atachimanga kumeneko mapira atangotulutsa ngala. M'maganizo ake nyimbo zinali ngati ufa, ukauthira m'thumba lina, loyamba limatsala lopanda kanthu. Ndipo si iye yekha. Anandilozera munda wa mayi wina wa kwaya, ndi wina kutsogolo kwake, mpaka kumunsi cha ku Zambezi, monse mukuthwanima. Zimbale zambiri mwa izo zinali za kwaya yomweyo. Mawailesi a zimbale anafa m'nyumba zonse, ana anathira nyimbo m'mafoni, ndipo amayi anapezera mbale zotsalazo ntchito.

Ndinamasula ulusi. Dzuwa la kuno limasuwa utoto wa chitseko nyengo imodzi, nanji kanthu kotero. Kumsana kunali kutasupuka ngati khungu la njoka, ndipo ukachiyang'anitsa kudzuwa kuwala kunkadutsa m'timabowo. Ndinamuuza mlamu wanga zimene anandiuza wa kuboma uja, kuti akulu ake anali mmenemo, kuti m'kakhadi mulibe. Sindinakuwe, koma sindinasankhenso mawu. Anakhala pansi m'mapira n'kufunda chitenje kumutu, mbalame n'kumatera pafupi naye iye osaziingitsa.

Ndinapitabe nacho kuboma. Bambo uja anachipukuta, anachiika m'kompyuta, chinalira ngati chikufuna kuyamba, n'kuleka. Anayesanso kangapo, kenako anandibwezera ndi manja awiri. Ndinayenda m'nyumba za a kwaya mpaka ku Kavalamanja, kumene anakwatiwa mmodzi wa iwo. Amene sanapachike chake kumunda, ana anachiseweretsa ngati gudumu, kapena chinakandika moti sichiwerengeka. Aphunzitsi a kwaya anasamukira kwa ana awo ku Kafue, ndipo nditawapeza pafoni anati ndisadandaule, nyimbo zonse ali nazo, anditumizira pompano. Ananditumizira zofinya zomwezo. Wojambula wa ku Lusaka uja palibe amene akudziwa kumene ali. Mwana wanga nditamuuza analira pafoni, n'kulonjeza kuti afunsafunsa m'tauni, ndipo ndikudziwa kuti anafunsadi.

Mlamu wanga analeka kundinyoza, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira. Ankabwera ndi chakudya nthawi imene akudziwa kuti ndapita kukasamba, n'kusiya mbale pamakina. Ndinapirira masiku angapo, kenako ndinatenga chimbale chija n'kupita kumunda. Ndinachimanga ndekha pamtengo womwe uja, ndi ulusi wanga wolimba wosokera matumba. Ndinamuuza kuti madzi akatayika saoleka, ndiponso kuti akulu ake sankakonda kukhala opanda ntchito, bola alondere mapira. Anaseka pang'ono misozi ili m'maso, n'kunena kuti mfundo yanga ndi ya telala waulesi. Anaimasula n'kumanganso yekha.

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, kuti ndizimvera kakhadi n'kumaikamo zibangili ndekha ndi mtima, poti malo ake ndikuwadziwa. Ndinachita zimenezo miyezi ingapo. Nyimbo ikafika pothamanga ndinkaimika phazi, n'kutseka maso, ndipo zinkabwera, ngakhale mochedwa.

Tsiku lina masana ndinkasoka yunifolomu ya mwana wa sukulu, kawailesi kali pawindo. Nditamaliza kolala ndinamva kuti kukuimba nyimbo ya rumba. Ya zopereka inali itadutsa kale, ndipo phazi langa silinaime. Ndinazimitsa kawailesi n'kuyesa kukumbukira zibangili popanda nyimbo, mmene zinkamvekera akamachokera kumadzi, akafika pamsau. Ndinadikira. Chimene chinabwera m'mutu mwanga chinali shii, shii wa m'kakhadi uja.

Ndinachita mantha enieni, oposa a tsiku la kumunda. Dzuwa linadya chimbale, koma ichi chinali kudya chimene chinatsala mwa ine, ndipo ndinkachitsegula ndekha tsiku lililonse. Ndinatulutsa kakhadi ndi nsonga ya sizasi, ndinakakulunga m'kansalu, n'kukaika m'chikuto chija, kumbuyo kwa chithunzi cha kwaya. Kawailesi ndinapatsa mlamu wanga kuti azimvera nkhani kumunda.

Mwana wanga akaimba foni amafunsa ngati ndikumverabe nyimbo za amayi ake, ndipo ndimati inde, kuti asavutike. Masana ano pakhonde pamangomveka makina. Dzuwa likafika pamutu ndimaimika phazi, n'kutchera khutu cha kumsau, osadzikakamiza. Masiku ena zimabwera, patali, kamodzi kokha, ndipo ndimati wafika. Masiku ambiri sizibwera, ndiye ndimapitiriza kusoka.